Kufuna-funa Zitunda Zolimbitsa Miyendo pa Njira ya ku Chipata

Acinyamata okonda kuthamanga ndi kuchova njinga m'dziko lathu lino ali ndi dandaulo limodzi limene timalimva kawiri-kawiri. Amati Zambia ndi dziko loyalidwa ngati mphasa, ndipo n'cifukwa cake anzathu a ku Kenya, Ethiopia ndi Rwanda amatisiya kutali pa mipikisano ya mitunda itali-itali: iwo ali ndi mapiri, ife tiribe. Makolo ambiri amavomereza mau amenewa, pakuti ndi okoma kuwavomereza, ndipo amamasula mwana ndi kholo lomwe ku nchito yofufuza. Ife tinaganiza zowayesa mauwo pa mseu wa Great East, kuyambira ku Lusaka kufikira ku Chipata, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 570. Tinamanga njinga ziwiri pamwamba pa galimoto, tinaika nsapato zothamangira m'cola, ndipo tinapangana kuti tizitsika paliponse pamene dziko latukula mutu.

Tisananyamuke tiyenera kuwapatsa odandaulawo cimene ciri cao. Iten, katauni ka ku Kenya kumene akatswiri ambiri amakonzekera mipikisano, kali pa msinkhu wa mamita 2,400 kuyezera pa nyanja yamcere. Kumeneko mpweya ndi wopepuka. Munthu akaukoka kamodzi amalandira magawo atatu okha mwa magawo anai a umene akadalandira ali m'mbali mwa nyanja, ndipo akakhalako masabata angapo thupi lake limadziteteza mwa kuculukitsa maselo ofiira a m'magazi. Lusaka ali pa mamita 1,280, Chipata ali pa mamita oposa 1,100 pang'ono. Malo oyandikira msinkhu wa Iten tiri nao kumalire ndi Malawi kokha, ku mapiri a Mafinga ndi a Nyika, kutali ndi kumene ambiri a ife timakhala. Mphatso imeneyo sitinapatsidwe, ndipo kuilirira n'kutaya nthawi.

Koma msinkhu wa dziko ndi nkhani ina, citunda ndi nkhani inanso. Arthur Lydiard, mphunzitsi wa othamanga wa ku New Zealand, ankakhala ku Auckland, mzinda wa m'mbali mwa nyanja. Anyamata ake ankawathamangitsa makilomita 35 sabata ndi sabata m'mapiri a Waitakere, amene palibe ndi limodzi lomwe lofika mamita 500. Mmodzi wa anyamatawo, Peter Snell, anapata mendulo ya golide pa masewera a Olympic ku Rome mu 1960, ndi zina ziwiri ku Tokyo mu 1964. Mu Seputembala 2025 Kigali anacereza mpikisano wa njinga wa dziko lonse, woyamba kucitikira mu Africa, ndipo cimodzi mwa zitunda zimene akatswiri ankazikamba mwamantha, cochedwa Mur de Kigali, sicikwana ndi theka la kilomita lomwe. Ndi kamseu ka miyala koimirira pakati pa nyumba za anthu. Timiseu totere tiri nato tambiri, koma timangotidutsa tikung'ung'udza kuti a khonsolo atiiwala.

Cimene citunda cimacita m'thupi n'cosavuta kucimvetsa. Pa malo athyathyathya munthu amangokankha thupi lake kutsogolo. Pa cikweza ayeneranso kulinyamula kumwamba, phazi ndi phazi. Katumba, nchafu ndi ciuno zimagwira nchito yoposa, mtima umagunda msanga ngakhale liwiro liri locepa, ndipo phazi limafika pansi mofewa kusiyana ndi pamene munthu athamanga ndi liwiro lonse pa bwalo louma. Ngakhale mitunda yaifupi imene yakweza dzina la dziko lathu, monga mamita 400 odumpha zochinga amene Samuel Matete anapambana ku Tokyo mu 1991, kapena mamita 400 amene Muzala Samukonga anakhala wacitatu ku Paris mu 2024, imafuna mphamvu ya miyendo yomweyo imene citunda cimapereka kwaulere.

Mu Lusaka wodandaula ali ndi pogwira. Mzindawu unamangidwa pa malo osalala, ndipo munthu angathe kuchova kucokera ku Matero kupyola Cairo Road kufikira ku Chilenje osadzuka pa cishalo. Okwera njinga za mipikisano amathawira ku Leopards Hill Road m'mawa wa pa Ciweru ndi pa Sondo, kumene mseu umakwera ndi kutsika ngati mizere ya m'munda wa mbatata. Palibe cikweza cacitali, koma zing'ono-zing'ono zija zikaunjikana pa makilomita makumi angapo, miyendo imadziwa kuti yayenda. Kum'mwera kuli mapiri a Munali, pakati pa Kafue ndi Mazabuka, amene anatenga dzina limene anthu anapatsa David Livingstone, yemwe anadutsa kumeneko mu 1855. Kulinso Kapiri Ngozi pa mseu wotsikira ku Chirundu. Dzina lokhalo likwanira. Sitingalangize kholo lirilonse kulola mwana wake kukachova pakati pa malole akulu-akulu otsika ndi mabuleki ofuka utsi.

Mseu wa Great East umayamba mofatsa. Mukapitirira Chongwe dziko limayamba kupindika, ndipo pofika ku Rufunsa mapiri amakhala atakuzingani mbali zonse. Patsogolo pali Manenekela, pamene mseu umamatirira m'nthiti mwa phiri, thanthwe kudzanja limodzi, phompho kudzanja lina, kenaka n'kutsetsereka kufikira pa ulalo wa Luangwa, umene unamangidwa mu 1968, makilomita pafupi-fupi 230 kucokera ku Lusaka. Pa ulalopo msinkhu sufika mamita 500. Ndiye kuti wocokera mu mzinda watsika mamita ngati 800, ndipo wobwerera ayenera kuwabweza onse. Pa mapu, ici ndico citunda cimene wochova aliyense amalota. Pamaso n'cina. Makhota ake sakuonetsani cimene cikubwera. Mabasi ndi malole opita ku Malawi ndi ku Mozambique amadutsa nthawi iriyonse. M'cigwa muli kutentha kofooketsa, midzi ndi yotalikirana, ndipo madzi akumwa muyenera kunyamula nokha. Tinaima pa msika wa pafupi ndi ulalo, pakati pa nsomba zouma ndi madengu, tikuyang'ana kumene tinacokera, ndipo tinagwirizana kuti Manenekela ndi wa gulu lokonzeka, lokhala ndi galimoto yolitsata pambuyo, kamodzi kapena kawiri pa caka. Si wa mwana wa sukulu wofuna kulimbitsa miyendo pa Citatu madzulo.

Pomwepo tinakhazikitsa lamulo la ulendo wathu wonse: citunda cofuna ndalama ya basi kuti ucifike si cako. Kulimba kumadza ndi kubwereza, sabata ndi sabata, pakuti tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo munthu amabwereza cokhaco cimene angacifike ndi miyendo yake m'mphindi makumi awiri kucokera pakhomo. Tsidya la Luangwa mseu umakweranso kudzera ku Kacholola ndi ku Nyimba kwa nthoci, kenaka umafatsa ca ku Petauke ndi ku Sinda. Unakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010, ndipo m'malo ambiri uli ndi mbali yoyendamo njinga. Ku Katete mapiri a Mphangwe ali pafupi ndi boma, motero acinyamata a kumeneko alibe cifukwa cosirira wina aliyense. Koma ife mtima unali ku Chipata.

Mzinda umenewu, umene azungu anaucha Fort Jameson ndipo unali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira mu 1911, wakhala m'mbale ya mapiri. Paliponse pamene mungaime, kaya pa msika wa Kapata kaya pa Saturday Market, mukakweza maso mukumana ndi phiri, ndipo mukawatsitsa mukumana ndi a Phiri, pakuti m'cigawo cino dzinali ndi lofala ngati nsima. Kunonso n'kwao kwa njinga. Fakitale ya Luangwa Industries inkapanga njinga za Eagle mu mzinda womwe uno, ndipo ngakhale njinga zamoto zaculuka masiku ano, yochova ikali kunyamula anthu, mbuzi, nkhuni, matumba a cimanga ndi a makala. Vuto la ku Chipata si kusowa zitunda. Vuto ndi kusankha, cifukwa maso amanama: citunda cooneka coopsa uli patali cimasanduka masewera ukacifika, pamene kamtunda kena kamene sunakawerengere n'komwe kamakuumitsa kukhosi.

Njira yosankhira tinaiphunzira kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, munthu wa imvi, manja ali bii ndi girisi. Titapereka moni ndi kufunsana za kunyumba, tinati, "Atate, tifuna citunda cowawa, coti anyamata ndi atsikana azilimbitsirapo miyendo. Kodi tipite ku phiri liti?"

Anaseka, osaleka kumanga masipoko. "Ana anga, phiri siliyankha. Mawa m'mamawa kakhaleni m'mbali mwa mseu uliwonse wolowa m'tauni, muyang'ane a makala. Pamene wa matumba awiri waimirira pa mapedulo, pamenepo ndi poyambira ana. Pamene watsika n'kuyamba kukankha, ndi pa anyamata. Koma mukapeza malo amene ngakhale wopanda katundu, wobwerera kwao atagulitsa, amatsika, mubwere mudzandiuze, pakuti posacedwa mudzafuna cheni."

Tinacita monga anatiuzira, ndipo m'masiku awiri tinalemba zitunda zoposa zimene mapu akadatiuza. Nzeru ya mkuluyo iri ndi masamu ake. Malamulo a mipikisano salola njinga kupepuka kuposa makilogalamu 6.8, ndipo njinga zimenezo ziri ndi magiya ambiri. Njinga yakumudzi, monga ya Buffalo, imalemera makilogalamu oposa 20, kawiri-kawiri iribe magiya, ndipo pambuyo pake panapangidwira kunyamula makilogalamu 100. Pa malo osalala kulemera sikuvuta kweni-kweni njinga ikangoyamba kuyenda, koma pa cikweza kilogalamu iriyonse imafuna malipiro ake. Motero wonyamula makala ndi sikelo yoyenda: thupi lake limazindikira kupendekeka kumene diso silingaone. Ndiyenso amadziwa pamene pali mcenga wometsa matayala, pamene pali agalu oluma, ndi pamene mvula inakumba. Tionjezepo kuti iye sakwera kuti alimbe, akwera kuti ana adye. Wothamanga akakumana naye pa njira yopapatiza, apatuke ndiye.

Wofuna nambala angaipeze popanda foni ya mtengo wapatali. Tengani thabwa loongoka la mita imodzi, levulo ya amisiri omanga nyumba, ndi rula ya mwana wa sukulu. Gonekani nsonga imodzi ya thabwa pansi ca kumtunda, kwezani inayo mpaka kathovu ka m'levulo kakhale pakati, ndipo yezani mpata wa pakati pa nsongayo ndi dothi. Mukapeza masentimita 5, ndiye kuti mseu ukukwera mamita 5 pa mamita 100 alionse. Yezani malo atatu kapena anai, cifukwa citunda sicikhala ndi nkhope imodzi. Pa 3 kapena 4 anthu amachova akuceza. Pa 6 kufikira 8 maceza amatha. Kupitirira 10 njinga yopanda magiya imayamba kukana. Kuti mukhale ndi poyerekezera, Alpe d'Huez, phiri lochuka la mpikisano wa Tour de France, limakwera ngati 8 pa 100 kwa makilomita 13.8. Cimene cimaliopsetsa ndi kutalika kwake, osati kuimirira. M'makomboni a m'mbali mwa mapiri a ku Chipata tinayeza timiseu toimirira kuposa pamenepo.

Alendo onse amatumizidwa ku Kanjala, phiri la m'mphepete mwa mzinda, ndipo ifenso tinakwera. N'loyenera kulikwera. Pamwamba pake Chipata yense ali pansi pa mapazi anu, madenga a malata, nsanja za machalichi ndi za mizikiti, ndi mapiri ena otsatizana kulinga ku Malawi. Koma tinene mosabisa kuti phiri lokongola silikhala mphunzitsi wabwino nthawi zonse. Pa mapiri otere, njira ikayandikira kumwamba imaimirira ndipo imadzala ndi miyala yogubuduzika, kotero kuti wothamanga amasanduka woyenda, maso ali pa akakolo m'malo mwa liwiro. Ngati cilakolako canu ndi kuona dziko, kwerani mpaka pamwamba ndi banja lonse tsiku lopuma. Ngati mufuna kulimba, cuma canu ciri m'tsinde, m'timiseu tadothi tokwera pakati pa nyumba zimene nazonso zikukwera phiri caka ndi caka.

M'timiseu timeneto mumapezeka zonse ziwiri zimene wothamanga afuna. Muli kacigawo koimirira ka mamita 60 kapena 80, kothamanga ndi mphamvu zonse kwa masekondi ngati 15 n'kubwerera coyenda mpaka mtima utakhazikika. Mulinso cigawo cofatsa ca mamita 400 kufikira 600, cokwera kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, munthu akupuma wefu-wefu koma miyendo isakupepesuka. Woyamba kumene ayambe watenthetsa thupi pa malo osalala kwa mphindi khumi, akwere kanai, aonjeze kamodzi sabata iriyonse, ndipo asapitirire masiku awiri pa sabata, cifukwa minofu imalimba pa tsiku lopuma, osati pa tsiku lokwera. Kwa amene akhala m'matauni ena, nayi nzeru ina: phiri lirilonse lokhala ndi nsanja ya mafoni liri ndi kamseu kamene galimoto yonyamula mafuta ndi zipangizo imakwerera. Tsatani kameneko, koma mubwerere musanafike pa mpanda, pakuti alonda ali ndi nchito yao.

Wa njinga amafuna cina: cikweza cacitali cosamukakamiza kutsika. Mseu wa ku Mwami, makilomita oposa 20 kufika pa malire, umamuyenera, ndipo cifukwa cake n'cokondweretsa. Malire a Zambia ndi Malawi m'dera lino amatsata msana wa dziko, pamene madzi a mvula amagawikana, ena kulinga ku Luangwa, ena kulinga ku nyanja ya Malawi. Wopita kumalire ndiye kuti akukwera msanawo, ngakhale mseu utamunyengerera ndi timitsetse apa ndi apo, ndipo pobwerera atatopa dziko limamuthandiza. Mseu wa ku Mfuwe ndi wosiyana, ndipo umapusitsa. Umacoka pa mamita oposa 1,100 kutsikira kucigwa, kumene bwalo la ndege la Mfuwe liri pa mamita osafika 600. Wopita amauluka, mphepo ikumuomba kumaso, n'kudziyesa katswiri. Ngongole yonse amailipira pobwerera, dzuwa litakwera, botolo litauma, ndipo mu Okutobala kucigwako kutentha kumafika madigiri 40. Wotsata mseu umenewu atembenuke akali ndi mphamvu zoposa theka, ndipo wofika pafupi ndi Mfuwe akumbuke kuti kumeneko njira ndi ya njovu zomwe.

Pali cinthu cina cimene mapu ndi foni sizinena: phiri lirilonse liri ndi mwini wake. Kunja kwa mzinda, kamsitu kowirira kotsala kokha pakati pa minda kawiri-kawiri ndi manda, ndipo m'midzi ya Acewa pafupi ndi manda ndi pamene pamakhala dambwe. Mlendo wa kabudula wolowa m'menemo ali pa liwiro angadzipezere mlandu umene miyendo yake singauthawe. Safunsa anadya phula. Pa mudzi wina tinayamba tapita kwa anyakwawa, tinakhala pansi, tinaomba m'manja, ndipo tinafotokoza cimene tadzera. Anatiyang'ana kwa nthawi yaitali, nati, "Ndiye mukuti mukwere, mutsike, mukwerenso, popanda cimene mwaiwala kumwambako?" Titavomera, anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anaitana mdzukulu wao kuti atisonyeze njira ya ng'ombe yokwera kuseri kwa phiri, ndi kutilozera mbali imene sitiyenera kupondako. Njirayo sitikadaipeza tokha, ndipo tsiku lotsatira anyamata atatu a pamudzipo anali kutidikira m'munsi mwake, awiri opanda nsapato, ndipo onse anatisiya.

Dothi nalonso liri ndi zofuna zake. Mapiri ambiri ozungulira Chipata ametedwa mitengo ndi kukumbidwa miyala, ndipo dothi lake langogwirira. Gulu la anthu khumi lothamanga mzere umodzi woongoka kukwera phiri, sabata ndi sabata, limasenda udzu n'kusiya kanjira kamene mvula ya Januwale idzakasandutsa ngalande yolunjika m'nyumba za a kumunsi. Tsatani njira zimene ziripo kale, makamaka zokhota-khota za ng'ombe ndi za otola nkhuni. Ndipo inu makolo a ana aakazi, musawaletse phiri, koma azipita atatu kapena anai, kuwala kulipo, kunyumba mukudziwa mbali imene alowera.

Ambiri amaopa kukwera, koma covulaza ndi kutsika. Potsika nchafu zimagwira nchito ya mabuleki, minofu ikukokedwa pa nthawi yomweyo imene ikudzilimbitsa, ndipo ululu wake sumveka tsiku lomwelo. Umadza m'mawa mwake, n'kukula tsiku laciwiri, pamene munthu amalephera ngakhale kukhala pa kampando. Tsikani coyenda, kapena ndi mapazi afupi-afupi, kuti maondo akutumikireni zaka zambiri. Pa njinga, mabuleki a ndodo ogwira pa limu yacitsulo amacedwa kugwira limu ikanyowa, ndipo mtsetse suyembekeza. Yesani mabuleki muli pansi, musanakwere, ndipo cisoti cikhale kumutu. Wothamanga pa mseu wa magalimoto ayende kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi zimene zikubwera. Wa njinga akhale kumanzere. Akulu-akulu ofuna kutsatira ana ao, makamaka odwala BP kapena shuga, ayambe aonana ndi a kucipatala. Kupweteka kwa m'cifuwa kapena cizungulire pa cikweza si cizindikiro cakuti mukulimba ai. Imani pomwepo.

Nyengo yokoma ndi yozizira, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti. M'dzinja udzu umabisa njira, miyala ndi njoka, ndipo dothi lofiira limaterera ngati sopo. Udzu ukauma cenjerani ndi citedze m'mbali mwa njira, pakuti wocikhudza amaiwala mpikisano wonse. Lupsa likadutsa, njira zonse za m'phiri zimaonekera poyera ngati mitsempha ya pa dzanja la nkhalamba, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yofufuza zatsopano. Mu Okutobala ndi Novembala kwerani m'bandakuca, kapena musakwere konse.

Mwa zitunda zonse zimene tinayeza, cimene tinacikonda koposa siciri pa mapu. Ndi kamseu kadothi kuseri kwa sukulu ina ya pulaimale m'mphepete mwa Chipata, kotalika mapazi 700 a munthu wamkulu. Kamayamba pa 4, kamafika pa 7 capakati, ndipo kumapeto kamaimirira pa 11 kwa mamita makumi atatu okha, amene amaoneka ngati zana. Magalimoto sadutsa kawiri-kawiri, m'munsi muli mjigo, pamwamba pali mthunzi wa mango. Tinafunsa ana amene ankatithamangira pambuyo dzina la malowo, ndipo anati liribe dzina. Wa makala wina amene tinamupeza akukankha njinga yake, mutu uli pansi, thukuta likugwera pa handulo, anatiyankha osaima kuti iwo amangoti "potsikira".